Seva ya Ubuntu 20.04 sikuona khadi la netiweki la 2.5G: ndiyambire pati?

Mlembi wa Sukulu

Moni nonse akuluakulu. Ndimagwira ntchito pa sukulu ina ya sekondale, ndipo kuwonjezera pa ulembi anandipatsa udindo woyang'anira makompyuta. Sabata yatha tinagula kompyuta yatsopano yoti ikhale seva yosungira mafayilo a aphunzitsi ndi zotsatira za mayeso, m'malo mwa yakale yomwe inafa. Ndinaikamo Ubuntu Server 20.04 kuchokera pa fulashi yomwe ndakhala nayo zaka zingapo, chifukwa pulogalamu yathu yolembera ophunzira inakonzedwa pa mtundu umenewo, ndipo ndinkaopa kusintha zinthu teremu ili mkati.

Vuto ndi lakuti seva sikulumikizana ndi kanthu kalikonse. Ndikalemba `ip link` ikungoonetsa `lo` basi, yomwe si khadi lenileni koma njira yomwe kompyuta imadzilumikizira yokha. Waya ndi womwe tinkagwiritsa ntchito kale, ndipo nditaulowetsa mu laputopu intaneti inabwera. Lamulo la `lspci -nnk` likuonetsa kuti khadi lilipo, Realtek RTL8125, nambala yake 10ec:8125, rev 05, koma pansi pake palibe mzere wonena driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo) yomwe ikuliyendetsa.

Mnzanga wina anandiuza kuti ndikatenge driver ya r8125 pa tsamba la Realtek n'kuimanga ndekha. Ndinaitenga pa laputopu n'kuisamutsa pa fulashi, koma ikufuna `make` ndi `gcc`, zida zomangira mapulogalamu, zomwe mu seva mulibe, ndipo sindingazitenge popanda netiweki yomwe ndikufuna kukonzayo. Kodi njira imeneyi ndi yoyenera? Ndikufunanso kudziwa mmene ndingaipatsire seva adiresi yosasintha, kuti makompyuta a aphunzitsi aziipeza pamalo amodzi tsiku lililonse.

Wa Mawaya

Bambo mlembi, mwachita bwino kuyamba ndi `lspci`, chifukwa nambala ija yatiuza pomwe pagona nkhani. Musanamange chilichonse, lembani `uname -r` komanso `sudo dmesg | grep r8169`. Ndikukhulupirira kuti muona kernel 5.4 (kernel ndi mtima wa Linux, womwe umalankhula ndi zipangizo), ndi uthenga wakuti "unknown chip XID 641".

Tanthauzo lake ndi ili. Linux ili nayo kale driver ya makhadi a Realtek, yotchedwa r8169, ndipo dzina lisakusokonezeni, chifukwa driver imodziyo imayendetsa mitundu yambiri. Kernel 5.4 imadziwa RTL8125 yoyamba, koma rev 05 ndi RTL8125B, yomwe inayamba kuzindikirika mu kernel 5.9. Choncho driver ikudzuka, ikuliona khadilo, koma posalidziwa ikulisiya. Khadi lanu ndi labwinobwino. Kompyuta ndi yatsopano kuposa kernel yomwe mwaikamo.

Ubuntu anakonzeratu njira ya vuto lotere, yomwe ndi kernel ya HWE, kernel yatsopanoko yoikidwa pa Ubuntu wakale kuti adziwe zipangizo zatsopano, ndipo pa 20.04 imafika pa 5.15. Chomwe mukusowa ndi intaneti ya kanthawi kochepa, ndipo foni yanu ikhoza kukupatsani. Ilumikizeni ku seva ndi waya wa USB, yatsani USB tethering, kenako lembaninso `ip link`. Muona dzina latsopano, `usb0` kapena lina lalitali loyamba ndi `enx`. Lembani `sudo dhclient` motsatana ndi dzina limenelo, ndipo ikalandira adiresi lembani `sudo apt update`, kenako `sudo apt install --install-recommends linux-generic-hwe-20.04`. Onetsetsani kuti bandulo ndi yokwanira ndiponso kuti seva ili pa UPS (batire losunga magetsi), chifukwa magetsi akathima kernel ili mkati molowa mukhoza kutsala ndi makina osadzuka. Paketi ya `linux-firmware` ikhalenso yatsopano, popeza ndi momwe muli kafayilo ka `rtl8125b-2.fw` komwe khadili limafuna. Mukatero zimitsani n'kuyatsanso.

Ngati foni ikukanika, fulashi ya 20.04.6 ili ndi mwayi wosankha kernel ya HWE poyambira pomwe, koma zimenezo zikutanthauza kuika zonse mwatsopano.

Mayi a ku Zomba

Ndikugwirizana ndi a Wa Mawaya, ndipo ndikufuna kukhazikika pa malangizo a mnzanu aja, chifukwa ine ndinawatsatirapo ndipo ndinaona zotsatira zake.

Zaka zingapo zapitazo ndinakonza seva pa ofesi ina yaing'ono yomwe ili kutali ndi kumene ndimakhala. Ndinamanga r8125 ndi manja, zonse zinayenda, ndinabwerera kwathu mtima uli m'malo. Patapita milungu ingapo seva inalandira kernel yatsopano kudzera mu zosintha zachitetezo zomwe zimalowa zokha, magetsi anathima, ndipo itadzuka netiweki panalibe. Driver yomanga nokha imamangidwira kernel imodzi yokha. Kernel ikasintha, yatsopanoyo siipeza. Popeza netiweki inali itafa, sindikanatha kulowa ndi SSH (njira yolamulira seva uli kutali) ndili kunyumba, ndipo ndinachita kukwera minibasi ulendo wa tsiku lonse kukalemba malamulo atatu okha, anthu a pa ofesipo atakhala masiku awiri osagwira ntchito. Cholakwa chinali changa, chifukwa sindinagwiritse ntchito DKMS, yomwe imamanganso driver nthawi iliyonse kernel ikasintha.

Palinso zina ziwiri zomwe sauzidwa ambiri. Kafayilo ka `autorun.sh` komwe kamabwera ndi driver ija kamachotsa r8169 pamalo pake, ndiye tsiku lomwe mwafuna kubwerera mmbuyo mumayamba kufufuza komwe yapita. Komanso ngati Secure Boot (chitetezo cha kompyuta poyaka) ndi yoyatsa, kernel imakana driver yosasainidwa, ndipo mumayenera kulembetsa kiyi yanu kudzera mu MOK (mndandanda wa makiyi omwe mwini makina wavomereza) muli pamaso pa makinawo. Sindikunena kuti driver ya Realtek ndi yoipa. Pali nthawi zina pamene imafunikadi. Koma seva ya pa sukulu, yomwe mwina mawa adzaiyang'anira munthu wina inu mutasamutsidwa, iyenera kudalira zomwe zimabwera ndi `apt`.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mtundu wa Ubuntu womwe mwasankha. Chithandizo chanthawi zonse cha 20.04 chinatha mu Meyi 2025, ndipo zosintha zachitetezo tsopano zimabwera kudzera mu Ubuntu Pro. Ubuntu 22.04 imabwera ndi kernel 5.15, pomwe 24.04 imabwera ndi 6.8 ndipo chithandizo chake chifika 2029. Zonse ziwiri zikanaliona khadi lanu poika pomwe. Ndikumvetsa kuti simukufuna kugwedeza pulogalamu ya ophunzira teremu ili mkati, koma makina osunga zotsatira za ana a anthu asakhale nthawi yaitali pa mtundu wotha ntchito. Tchuthi chikubwerachi muiyese pulogalamuyo pa 24.04.

Mlembi wa Sukulu

Zikomo kwambiri nonse awiri. Uthenga wa XID 641 unalipodi monga munanenera. Foni inandithandiza, kernel tsopano ndi 5.15, ndipo khadi likuoneka ndi dzina la `enp3s0`. Mayi, malangizo anu ndawamva, ndipo ndalankhula kale ndi a hedi za ntchito ya pa tchuthi.

Zatsala ziwiri. `ethtool enp3s0` ikuonetsa 100Mb/s yokha, pomwe ndimayembekezera 2500. Ndinayesanso kulemba adiresi mu `/etc/netplan/00-installer-config.yaml`, fayilo ya makonzedwe a netiweki, koma `netplan apply` ikukana, ikudandaula za mzere wina.

Wa Mawaya

Za liwiro, driver musaikayikirenso. Kuti mufike 2500Mb/s mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala za 2.5G, ndiye ngati switch yanu (bokosi lomwe mawaya a makompyuta amakumanamo) ndi ya gigabit, chomwe muyenera kuona ndi 1000. Mukaona 100 pa switch ya gigabit, kawirikawiri wolakwa ndi waya. Mkati mwa waya muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri. Liwiro la 100 limagwiritsa ntchito 4 tokha, pomwe gigabit imafuna tonse. Kamodzi kakaduka, kapena mutu wa RJ45 ukapanidwa mosasamala, zipangizo zimagwirizana kutsikira pa 100 popanda kudandaula, ndipo n'chifukwa chake laputopu inakupatsani intaneti inu n'kuganiza kuti waya uli bwino. Yesani waya wina wa Cat5e kapena Cat6 wopangidwa kufakitale, ndipo muwerengenso zolembedwa pa switch, chifukwa m'masukulu ambiri mukadali zakale za 10/100 zomwe sizingapitirire pamenepo.

Za netplan, fayilo ya YAML salola Tab ngakhale pamzere umodzi. Gwiritsani ntchito mipata yokha, iwiriiwiri. Manambala awa muwasinthe kuti agwirizane ndi a pa sukulu panu:

```
network:
  version: 2
  ethernets:
    enp3s0:
      dhcp4: false
      addresses: [192.168.1.10/24]
      routes:
        - to: 0.0.0.0/0
          via: 192.168.1.1
      nameservers:
        addresses: [192.168.1.1]
```

Adiresi yomwe mwasankha ikhale kunja kwa gulu lomwe rauta imagawa ndi DHCP, kupanda kutero tsiku lina idzaperekedwa ku foni ya mphunzitsi ndipo seva idzayamba kusowa mwa apo ndi apo. M'malo mwa `netplan apply` muzilemba `sudo netplan try`, chifukwa mukapanda kuvomereza pasanathe masekondi 120 imabwezeretsa zakale yokha, zomwe zimapulumutsa munthu amene akukonza ali kutali.

Dzina la `enp3s0` limachokera pa malo omwe khadi lili pa PCI. Mukadzawonjezera disk ya NVMe kapena khadi lina, nambala ikhoza kusuntha n'kukhala `enp4s0`, ndipo netplan idzakhala ikufunafuna dzina lomwe kulibenso. Kuti mupewe zimenezi, tengani adiresi ya MAC (nambala yakeyake ya khadilo) pa `ip link`, muilembe pansi pa `match` ndi `macaddress`, muwonjezere `set-name: lan0`, kenako muzimitse seva n'kuiyatsanso kuti dzina ligwire. Mukasintha waya mutiuze zomwe `ethtool` yaonetsa, komanso mtundu wa switch yanu.