Ndabwerako ku Joni patatha zaka 6, koma pakhomo panga ndili ngati mlendo

A Admin, chonde ndibisireni dzina. Ndine bambo wa zaka 41, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe. Tili ndi ana awiri, wamwamuna wa zaka 14 ndi wamkazi wa zaka 8. Ndinapita ku Johannesburg kukasaka maganyu mnyamatayu ali Sitandade 3, mlongo wakeyo atangosiya kuyamwa. Ndinakhalako zaka 6 osabwera ngakhale pa Khirisimasi, chifukwa masiku a mu pasipoti anali atandithera. Amene anakhalako akudziwa kuti ukatuluka pa Beitbridge masiku atapyola, amakuletsa kulowanso.

Banja sindinalithawe ayi. Mwezi ndi mwezi ndinkatumiza ndalama pa Mukuru, kupatula miyezi ija ya 2020 pamene South Africa inatseka zonse chifukwa cha Covid-19, ife a maganyu tikugona ndi njala. Nyumba ya malata tikukhalamoyi ndi thukuta langa. Fizi, yunifolomu, mpamba wa geni ya mayi akunyumba, zonsezo zinkachokera kwa ine.

Ndinafika miyezi 7 yapitayo. M'basi monse, kuyambira ku Zimbabwe, pa Tete mpaka pa Dedza, ndinkangoona m'maganizo ana akundithamangira. Wamkaziyo anabisala kuseri kwa chitenje cha amake, koma patangotha milungu iwiri anandizolowera, pano sachoka pamwendo panga. Vuto ndi mnyamatayu. Moni amandipatsa ndi manja awiri, mwaulemu ndithu, kenako amachoka. Ndikalowa pabalaza iye amatuluka. Nsima amadyera kukhitchini. Lipoti lake la Fomu 1 anakaonetsa amalume ake ku Kawale, ine ndinangomvera kwa amake kuti wakhoza bwino. Tsiku lina atabwera mochedwa ndinamudzudzula, iye anangoyankha motsitsa mawu kuti, "Amayi akudziwa kumene ndinali." Ndinakweza dzanja, koma sindinamumenye. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndi mayi akunyumba sitikangana, koma sitichezanso. Ali ndi geni yawo ya kaunjika, ali ku banki m'khonde, za madzi ndi mayunitsi a magetsi amalongosola okha. Ndikafunsa amangoti, "Zatheka kale." Ine ntchito yokhazikika sindinaipeze. Ndimalawirira ku Kanengo kukayang'ana maganyu owotcherera, lero ndapeza, mawa ayi. Madzulo ndayamba kuchedwera kumowa, zimene ku Joni sindinkachita. Nthawi zina ndimaona kuti ndinali munthu wofunika pamene ndinali kutali n'kumatumiza ndalama. Kodi ndiitane ankhoswe? Kapena ndingonyamuka kubwerera? Nanga mwanayu ndimuyambe bwanji? Ndithandizeni abale, mtima wanga walema.

Bambo wa ku Biwi:
Achimwene, mwafewa kwambiri. Mwana wa zaka 14 sangakuyankheni choncho m'nyumba yomanga inu. Itanani ankhoswe a mbali zonse, mayiwo afotokoze zimene ankamuuza mwanayo inu kulibe.

Mayi wa ku Area 23:
Bambo a ku Biwi, musathamangire kuloza chala mayiyo. Amuna anga anakhala ku Cape Town zaka 4, ndiye ndiyankhula ngati mmodzi mwa ife otsala pakhomo. Ndalama zimabwera, inde, ndipo timathokoza. Koma mwana akatentha thupi pakati pa usiku, ndalama sizimubereka kumsana kupita naye kuchipatala. Kumsonkhano wa makolo kusukulu uli wekha, maliro akagwa kuchimuna ukaonekere ndiwe, denga likadontha ukasake kalipentala ndiwe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anakhala pansi kuwerengera kuti mafuta ophikira ndi sopo zichepe pati kuti fizi ikwane ndi mayiyo. Kuti upirire zonsezi umaumitsa mtima, ndipo mtimawo sufewa tsiku limodzi chifukwa choti basi yafika padepoti.

Mawu akuti "zatheka kale" si chipongwe, bambo. Ndi chizolowezi cha munthu amene kwa zaka 6 analibe womufunsa. Ndikufunseni: munayamba mwawafunsapo kuti zaka zonsezo anakhala bwanji? Sindikunena zoti ndalama anazigwiritsa ntchito bwanji, koma iwo eni ake, usiku ana atagona. Amuna anga anandifunsa funso limeneli patatha chaka chathunthu chibwerereni. Ndinalira mpaka tambala woyamba, ndinanena zimene sindinkadziwa n'komwe kuti ndinazisunga. Banja lathu linayambiranso usiku umenewo.

Mnyamata wa ku Mchesi:
Adadi, ndiloleni ndikuitaneni choncho, chifukwa mwana wanuyo ndinali ine. Bambo anga anapita ndili ndi zaka 7, anabwera ndili ndi zaka 15. Ananditengera nsapato zokongola kwambiri koma sizinandikwane, ankakumbukira phazi la kamwana kamene anakasiya. Ndinazibisa pansi pa bedi osanena kanthu, iwo n'kumaona ngati ndine wosayamika.

Sindinkadana nawo. Ndinkaopa kuwazolowera, chifukwa mumtima ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzadzuka n'kupeza apitanso. Ulendo woyamba anandiuza kuti abwera posachedwa ndi njinga, ndinadikira mpaka ndinasiya kufunsa. Ndiye musamukhazike pampando kuti "tiye tikambirane," adzangoyang'ana pansi n'kumati eya, eya. Muitaneni akugwirireni chitsulo pamene mukuyeza geti, kapena mufunseni timu imene amasapota. Ngati ndi Silver Strikers, Area 47 si patali, kwerani minibasi mukaonere limodzi. Anyamatafe pakamwa pamatseguka manja akamagwira kanthu. Ndipo mukamulonjeza kuti Loweruka, likhale Loweruka lomwelo.

Mkulu wa mpingo wa ku Likuni:
Ndakhalapo nkhoswe wa mabanja angapo, ndipo langizo langa ndi loti ankhoswe adikire kaye. Nkhani imene simunaikambe awiri kuchipinda mukaifikitsa kwa ankhoswe a mbali zonse, mayiwo adzaona ngati mwawasumira, pamene palibe chimene alakwa. Ankhoswe adzabwere nonse awiri mutagwirizana kuti pakufunika wachitatu.

Za amalumewo musapse nazo mtima. Kwa ife Achewa malume ndi mwini mbumba, mwana kuthamangira kwa mlongo wa mayi ake si zachilendo, makamaka bambo akakhala kutali. Alamu anuwo anagwira ntchito yanu zaka 6. Nyamulani nkhuku, pitani ku Kawale mukawathokoze pamaso pa mwanayo. Mukatero muwapemphe paseri kuti lipoti likadzabweranso adzamuuze kuti, "Kaonetse kaye bambo ako." Mawu amenewo akachokera kwa munthu amene iye amamukhulupirira adzalowa msanga kuposa kukalipa kwanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wanga.

Namwino wa ku Area 49:
Anzanga mwakamba bwino za mwana ndi za mayi, koma ine zandigwira ndi zina. Bambo, mwanena kuti simugona, mwayamba mowa umene simunkamwa, ndipo mumadziona ngati munali wofunika muli kutali. Zimenezi musazipeputse. Munthu akatha milungu yoposa iwiri ali wokhumudwa, tulo tosabwera, chakudya chosakoma, n'kumadziona wopanda ntchito, nthawi zambiri amakhala kuti akudwala matenda ovutika maganizo, ndipo amachizika ngati matenda ena onse. Mowa umagonetsa usiku umodzi, kukacha nkhawa imakhala itakula. Ku St John of God ku Area 43 kuli aphungu a zimenezi, ku Bwaila nakonso kuli mbali yoona za matenda a maganizo. Malipoti a apolisi a anthu odzipha m'dziko muno amaonetsa kuti ambiri ndi amuna, ndipo ine ndimaona kuti mawu aja akuti mwamuna salira atipweteka kwambiri. Maganizo ofuna kudzichotsera moyo akangokufikirani, uzani munthu tsiku lomwelo, musadikire kuti kuche.

Bambo wa ku Biwi:
Ine ndikuonabe kuti ulemu mwana aphunzire. Koma za mowazo anamwino anena zoona, achimwene usiyeni. Mwana akamva fungo la mowa ndiye atalikiratu.

Mwini nkhani, kudzera kwa a Admin:
Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse, ina kawiri. Anamwino, zodzipha sizinandifikire, koma ku Area 43 ndipita sabata ino, ndawauza kale mayi akunyumba kuti andiperekeze.

Dzulo usiku ndinawafunsa funso lija la mayi a ku Area 23. Poyamba anaseka pang'ono n'kunena kuti zakale zimenezo. Kenako anayamba kufotokoza za miyezi ija ya 2020 ndalama zitasiya kubwera. Anagulitsa mashini awo osokera osandiuza, kuopa kundiwonjezera nkhawa. Mnyamatayu ankagulitsa mandasi pamsewu asanapite kusukulu, ali ndi zaka 10 zokha. Ine zonsezi sindinkazidziwa, pafoni ankangoti tili bwino.

Anandiuzanso china chimene chandilasa. Sabata yoyamba nditangofika, mwanayu anawafunsa kuti, "Adadi abwerera liti?" Ndipo mwezi watha mnyamatayu anandimva ndikuuza mnzanga pafoni kuti zikapitirira kuvuta kuno ndidzanyamukanso. Chikwama chachikulu chimene ndinabwera nacho chinali chikadali pamwamba pa kabati, zovala zina ndisanatulutsemo n'komwe. Iye ankachiona tsiku lililonse. Mnyamata wa ku Mchesi, unanena zoona mwana wanga.

Lero m'mawa ndachitsitsa chikwamacho, zovala ndaika mu kabati. Kwa alamu anga ku Kawale ndipita Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Koma pali chimodzi chimene chikundisautsabe, ndipo ndikupemphanso nzeru zanu. Ndikufuna kumuuza mwanayu kuti sindidzapitanso, koma ganyu ku Kanengo sakupezeka tsiku lililonse, fizi ya teremu ikubwerayi sindinaipeze, ndipo mumtima mwanga sindingalumbire kuti sindidzakakamizika. Ndimulonjeze chinthu chimene mwina ndidzalephera kusunga, kapena ndimuuze chilungamo chonse ngakhale chimuwawe?