Ndiike bwanji mtengo wotumizira pamene kulemera kwa katundu sindikukudziwa?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni maganizo. Ndimagulitsa katundu pa Facebook ndi pa WhatsApp kuno ku Zomba, ndipo makasitomala amafuna ndiwauziretu mtengo wonse, wa katundu ndi wotumizira womwe, asanalipire pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kumene ndimaodako sandiuza kulemera kwa katunduyo, choncho ndimangoyerekeza, koma ndikafika kwa otumiza katundu amatchula mtengo wokwererapo, ndipo ndalama yoonjezerayo imachoka pa phindu langa. Sikelo ndinali nayo, koma alamu anga anabwereka kuti akagulire nandolo ku Jali ndipo mpaka lero sanabweze, pamene bambo a kunyumba akuti ndisawakumbutse poopa kudanitsa abale. Mnzanga amene tinayambira limodzi naye akulengeza kuti iye amatumiza ulere, moti makasitomala anga akuthawira kwa iye. Ndichite chiyani?

Bambo a ku Chinamwali: Mayi, vuto lanu si sikelo ayi, vuto lanu ndi chifundo. Ine ndakhala ndikutumiza mpunga wa kunyanja ya Chilwa ku Lilongwe, ndipo lamulo langa ndi limodzi: wogula alipire yekha mtengo wotumizira akamalandira katundu wake. Amene sakufuna abwere adzatenge yekha ku Zomba.

Mayi a ku Matawale: Kodi mumagulitsa chiyani, nanga mumatumiza kuti? Nsapato ndi mapilo sitingaziwerengere mofanana, ndiponso ku Blantyre si ku Karonga.

Mchemwali wa ku Chikanda: Bambo a ku Chinamwali, njira yanuyo inandigwetsa m'mavuto. Kasitomala wina anakana kukatenga phukusi atamva mtengo wotumizira, ndipo ndinalipira ndekha ulendo wopita ndi wobwerera womwe.

Bambo a ku Chinamwali: Mchemwali, inu munatumiza munthu asanalipire katunduyo, ndiye musanamizire njira yanga. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wolonjeza mtengo wotumizira wosasintha akudya mpamba wake, ndipo mnzawo wa ulereyo mtengowo anaubisa m'katundu momwemo.

Achimwene a ku Sadzi: Pitani nayo katoniyo kwa mavenda a chimanga ku Mpondabwino akakupimireni. Mukangosankha tsiku limene akugula osati kugulitsa, pakuti tsiku limenelo katundu aliyense amapepuka.

Aphunzitsi a ku Domasi: Mayi, ngakhale sikeloyo itabwerera, dziwani kuti makampani otumiza katundu monga DHL amayezanso kukula kwa katoni. Amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kugawa ndi 5000, kenako amalipiritsa chimene chakula pakati pa yankholo ndi kulemera kwenikweni. Katoni ya masentimita 50, 40 ndi 30 imawerengedwa ngati makilogalamu 12 ngakhale mutaikamo mapilo okhaokha. Kafunseni otumiza anu ngati amatsata njirayi kapena amangoona ndi maso. Pimani chinthu chimodzi pa mtundu uliwonse chitakulungidwa kale, mulembe m'kope, kenako mugawe mitengo patatu: phukusi laling'ono, lapakati ndi lalikulu.

Bambo a ku Chinamwali: Aphunzitsi, masamu amenewo kawapatseni ana a sukulu. Kondakitala wa minibasi ya ku Limbe sagawa ndi 5000, amangonyamula katoni n'kutchula mtengo.

Mchemwali wa ku Chikanda: Kondakitalayo akakutayirani katundu, lisiti lake mukalipeza kuti?

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse chifukwa cha maganizo anu. Alamu aja ndawaimbira, ndipo akuti sikeloyo anabwereketsanso munthu wina wa ku Thondwe.

Mayi a ku Matawale: Za alamu tazimva, mayi, koma funso langa lija simunayankhe. Mumagulitsa chiyani?