Timasensa ta mufoni timapangidwa kuti?

Mlongoti: Abale, kachipangizo kaja kamatembenuza sikirini ukapendeketsa foni amakapanga kuti? Kapena zonse ndi ku China basi?

Kabaza22: Ayi achimwene, tambiri timachokera ku Reutlingen, Germany, kufupi ndi Stuttgart. A kampani ya Bosch anayamba kupanga timasensa ta MEMS (timakina tating'onoting'ono topangidwa pa silikoni) kumeneko mu 1995, poyamba tinali ta magalimoto monga tija timamva galimoto ikagunda airbag n'kufufuma, ndiye poti Mercedes ndi Porsche ali ku Stuttgart konko msika unalipo kale. Mu 2005 a Bosch anatsegula nthambi yawo ya Bosch Sensortec kuti alowenso kumafoni.

Nachisale: Ine chimandisangalatsa ndi mkati mwake, muli timano ta silikoni tochepa kuposa tsitsi, foni ikagwedezeka timasuntha pang'ono chip n'kuwerenga kusinthako. A kampani ya STMicroelectronics nawonso akupanga timasensati ku Agrate, pafupi ndi Milan, ku Italy.