Vitz yanga ya 2007 yayamba kumwa mafuta kwambiri, ndiyambire pati?

Wa ku Area 25:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za magalimoto. Ndili ndi Toyota Vitz ya 2007, ya injini yaing'ono ija ya masilinda atatu, yomwe inabwera kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo tsopano yayenda makilomita opitirira 180,000. Ndimayendera kuchoka kunyumba kupita kuntchito ku City Centre, komanso nthawi zina kumudzi ku Dedza. Miyezi yapitayi ndaona kuti mafuta amene kale ankandifikitsa kumapeto kwa sabata akumatha sabata ili pakati, ngakhale kuti maulendo anga sanasinthe.

Makaniko amene amandikonzera akuti galimoto yakalamba basi, palibenso chochita. Chaka chatha injini itayamba kutentha anachotsa thermostat, ponena kuti chipangizocho ndi cha maiko ozizira, ndipo anandisinthira oyilo n'kuyamba kuthira wolimba wa 20W-50. Anzanga ena akundilangiza kuti potsetsereka ndiziika giya pa N, ena akuti ndisiye kuyatsa AC. Ndalama zogulira ina ndilibe, choncho ndikufuna kudziwa chimene ndingayambe kukonza kuti galimotoyi indisungebe zaka zingapo.

Makaniko wa ku Ndirande:

Bambo, choyamba ndikupempheni kuti muyeze kamwedwe ka galimotoyo m'malita, osati m'makwacha, chifukwa mtengo wa mafuta umene bungwe la MERA limalengeza umasinthasintha, ndipo ndalama zomwezo sizigula malita omwewo. Tsiku limene mwapeza mafuta okwanira, dzazitsani thanki mpaka pampu itadula yokha, mubwezere kowerengera makilomita a ulendo pa ziro, muyende monga mwa masiku onse, kenako mudzadzazitsenso pa pampu yomweyo. Makilomita amene mwayenda muwagawe ndi malita amene alowa kachiwiriko. Thanki ya Vitz ya chaka chimenecho imalowa malita 42, ndiye n'zoona kuti kudzazitsa kumapweteka m'thumba, koma popanda nambala imeneyi simudzadziwa ngati chimene mwakonzetsa chathandiza.

Pa zonse zimene mwafotokoza, chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi thermostat. Chizolowezi chochotsa chipangizochi chafala m'magalaja athu, ndipo ine sindigwirizana nacho ngakhale pang'ono. Ntchito yake ndi kutsekera madzi kuti asapite ku rediyeta mpaka injini itafunda kufika cha m'ma digiri 80. Injini ikakhala yozizira, kompyuta ya galimoto imalamula kuti mafuta azilowa ambiri, monga mmene magalimoto akale ankachitira munthu akakoka choko m'mawa. Mukachotsa thermostat madzi amayamba kudutsa mu rediyeta injini ikangolira, motero imachedwa kufunda, ndipo pa ulendo waufupi ngati wanu wa m'mawa, makamaka mu June ndi July, mukhoza kufika kuntchito kompyuta ikadaganiza kuti mwangoliza kumene. Mafuta owonjezerawo sapsa onse: ena amadetsa mapulagi ndi mwaye, ena amatsikira mu oyilo n'kumusungunula.

Komanso kuchotsako sikunachize chimene chinkatenthetsa injini. Nthawi zambiri vuto limakhala rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothira madzi a pampopi okhaokha, chivindikiro chake chotha mphamvu, kapena fani yosazungulira pa nthawi yake. Gulani thermostat yatsopano, mutsukitse rediyeta, ndipo muthiremo coolant weniweni, madzi apadera oziziritsira injini.

Za oyilo, injini ya Vitz yanuyo, yotchedwa 1KR-FE, inapangidwira oyilo wopepuka, wa 0W-20 kapena 5W-30. Wolimbayo amachedwa kufika kumtunda kwa injini m'mawa, amavutitsa makina osintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndipo injini imawononga mphamvu pongomukankha. Ngati siikutulutsa utsi wabuluu ndipo oyilo sakuchepa msanga, bwererani pa 5W-30, musinthe pamodzi ndi fyuluta yake.

Mayi wa ku Zomba:

Ndikugwirizana ndi a makaniko, koma ndionjezere zinthu zimene mungaone nokha popanda kulipira munthu. Galimoto yanga ndi ya mtundu womwewo, ndipo chimene chinkandidyera mafuta chinali buleki ya kumbuyo imene inkagwira pang'ono nthawi zonse. Mukayenda mtunda ndithu osaponda mabuleki kawirikawiri, imani, muyandikize dzanja pa limu lililonse koma osakhudza. Limu limene likutentha kuposa anzake, kapena likununkha ngati chinthu chopserera, ndiye kuti buleki yake siikumasuka bwino. Pamalo athyathyathya, galimotoyi ndi yopepuka moti munthu mmodzi amaikankha mosavuta ikakhala pa N. Ikamakanika, pali chimene chikuigwira.

Mpweya wa m'matayala muziyezetsa m'mawa matayala asanatenthe, ndipo muzitsatira nambala zolembedwa pa kapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, osati zimene wopopayo wazolowera kuika m'galimoto iliyonse. Tayala likamadyeka mbali imodzi, kachititseni alayimenti, poti maenje a m'misewu yathu amasokoneza miyendo ya galimoto zazing'onozi msanga. Fyuluta ya mpweya nayo muitulutse muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, isintheni, chifukwa fumbi la September ndi October m'misewu yopanda phula limaitseka nthawi yolembedwa m'buku isanakwane.

Musayembekezerenso kufika pa nambala zimene ogulitsa a ku Japan amalemba, chifukwa zimayezedwa m'malo oyesera, osati pa mzere wa magalimoto wa m'mawa pa M1. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa mu 1982 ndipo ikuchitikanso ku Chikwawa, ndipo lita ya ethanol ili ndi mphamvu yochepa poyerekeza ndi lita ya petulo. Kusiyana kumeneku ndi kochepa, ndipo kunalipo kale pamene galimoto yanu inkayenda bwino, choncho sikungakhale chifukwa cha kusintha kumene mwaona.

Dalaivala wa Blantyre–Nsanje:

Achimwene, za kuika pa N potsetsereka ndikuletseni ndi mtima wonse. Pa galimoto zakale za carburetor, chipangizo chosakaniza mafuta ndi mpweya popanda kompyuta, njira imeneyo inkapulumutsadi timafuta, ndipo n'kumene anzanuwo anaitengera. Yanuyo ndi ya ma injector, tizipangizo topopera mafuta mu injini molamulidwa ndi kompyuta: mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya ndipo ikuthamanga, kompyuta imadula mafuta, chifukwa matayala ndiwo akuzungulitsa injini. Mukaika pa N, injini imafunika mafuta kuti isazime, ndiye mwataya m'malo mopindula. Choopsa kwambiri n'chakuti kulemera konse kwa galimoto kumatsalira pa mabuleki. Ife amene timatsika mapiri a Thabwa popita ku Chikwawa timadziwa fungo la mabuleki opsa, ndipo akafika pamenepo chopondera chimangolowa pansi galimoto osaima. Pa mtsetse wautali ikani giya pa S kapena pa B kuti injini ikuthandizeni kugwira.

Giyabokosi yanu ndi ya CVT, otomatiki yoyendera lamba, ndipo imafuna oyilo wakewake. Musalole munthu kuthiramo ATF, oyilo wamba wa magiyabokosi a otomatiki, ponena kuti zonse ndi za otomatiki, chifukwa lamba wachitsulo wa m'katimo akayamba kutererera, mtengo wokonzera umaposa mafuta onse amene mukufuna kupulumutsa. Ponyamuka pondani moto pang'onopang'ono, ndipo mukaona maloboti kapena mzere patsogolo chotsani phazi msanga m'malo mothamanga n'kukaponda buleki pafupi. AC imadyadi mafuta, makamaka pa injini yaing'ono chotere m'tauni, koma pa msewu wa ku Dedza mukamathamanga, mawindo otsegula nawonso amakoka galimoto m'mbuyo, kotero kumeneko phindu lozimitsa ndi lochepa.

Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, pewani a m'zigubu ngati mungathe, chifukwa simudziwa ngati asakanizidwa ndi palafini kapena ngati chigubucho chinali ndi madzi ndi zinyalala. Musazolowerenso kuyenda kanyali ka mafuta kakuyaka, poti pampu ya m'thanki imazizira ndi mafuta omwewo.

Wa ku Area 25:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. A makaniko, pa zimene mwanena ndakumbukira kuti kanyali kosonyeza kuti injini ikadali yozizira kankazima ndisanatuluke m'dera lathu, koma masiku ano kamakhalabe koyaka mpaka nditadutsa Kanengo, ndipo tsiku lina la mvula kanayakanso ndikutsetsereka. Kodi chimenechi ndi chizindikiro cha thermostat yomweyo? Ndipo popeza ndalama sizingakwane zonse mwezi uno, nditsogoze chiti?

Makaniko wa ku Ndirande:

Ndi chomwecho ndithu, bambo. Vitz imeneyo ilibe singano yosonyeza kutentha, ili ndi tinyali tiwiri tokha, kosonyeza kuzizira ndi kosonyeza kutentha, ndipo kozizirako kakamayakanso muli pa ulendo ndiye kuti injini ikuzizira mopitirira muyeso. Mwezi uno bwezeretsani thermostat ndi coolant, ndipo pa tsiku lomwelo aone fani ndi chivindikiro cha rediyeta, kuti kutentha kuja kusabwerere. Matayala ndi mabuleki muone nokha sabata ino monga anenera mayi a ku Zomba. Mwezi wamawa musinthe oyilo ndi fyuluta zonse ziwiri, ndipo amasule mapulagi atatuwo muwaone ndi maso anu: akakhala ofiirira ngati khofi wa mkaka ali bwino, akakhala akuda ndi mwaye asintheni onse pamodzi.

Mukachita zimenezi muyezenso malita. Ngati kamwedwe sikanasinthe, pitani kwa amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto akaone oxygen sensor ya pa ekizosi, imene imayeza utsi kuti kompyuta idziwe mafuta oyenera kulowa, chifukwa pa makilomita amene mwatchulawo imakhala itayamba kufooka ngakhale kanyali ka injini kasanayake. Mudzatilembere nambala zonse ziwiri, ya musanakonze ndi ya mutakonza, kuti tidzaone ngati pali china chotsalira.