Bungwe linapita, mjigo wafa, komiti yabalalika, manje tiyambire pati?

Mlembi_Kasenengwa:
Muli bwanji nonse akuluakulu. Ndithandizeniko nzeru chifukwa mutu waima. Kumudzi kwathu kuno ku Kasenengwa kunabwera bungwe lina (dzina sinditchula) linatikumbira mjigo, linasankhitsa komiti ya madzi ya anthu 10, ine anandiika ulembi chifukwa ndine ndinafikako Grade 12. Nthawi imene project inali kuyenda zonse zinali bwino, ma workshop ku Chipata, ma t-shirt, transport refund, pa miting munthu osasowa ngakhale mmodzi. Project itatha galimoto yawo sitinaionenso. Manje mjigo unafa mwezi wa 7, ukapopa chogwirira chimangopepuka madzi osatuluka, azimayi abwerera kudambo kumene ng'ombe zimamwera. Ndikaitana miting akubwera anthu atatu, ena akufunsa poyera kuti "kuli ka allowance?" Ndalama zimene tinkasonkha K5 pa khomo, amsungichuma akuti anabwereketsa pa maliro ndipo sizinabwerere. Funso langa ndi ili, inu amene mumayendetsa timagulu kumidzi, zimatheka bwanji kuti gulu likhalebe ndi moyo eni ndalama atapita? Kapena tingodikira bungwe lina?

Amake_Tiyanjane:
Mwana wanga pepa, koma kudikira bungwe lina ndiye osayesa, mudzamwa zamdambo mpaka ana ayambe kutsegula m'mimba mvula ikagwa. Ine ndili ku Katete, gulu lathu losunga ndalama la azimayi lili mchaka cha 8 ndipo amene anatiphunzitsa anachoka kalekale. Sikuti ndife oyera mtima kuposa a kwanu ayi, timakangana ndithu, koma ndalama sizigona m'manja mwa munthu mmodzi. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi azimayi atatu okhala mbali zosiyana, bokosilo limasungidwa ndi wachinayi amene alibe kiyi. Timatsegula pamaso pa onse, kuwerenga mokweza, mlembi kulemba. Amsungichuma anuwo mwina sanabe nkomwe, kumudzi munthu akabwera akulira kuti mtembo uli kuchipatala, iwe ndalama zili pansi pa matiresi, ukana bwanji? Munawapatsa katundu wolemera okha. Ife tinapatula thumba la mavuto, la maliro ndi matenda, kuti la ntchito lisakhudzidwe.
China, K5 mwezi ndi mwezi kumudzi ndi yovuta, mu January munthu alibe ndi ya mchere yomwe. Sonkhetsani nthawi yokolola, meda ya nshawa kapena ya chimanga pa khomo, mugulitse pamodzi. Palibe amene anganene kuti alibe meda mu June.

KapataBoy:
Kkkk kuli ka allowance. Anthu anawaononga ndi mabungwe omwewo. Agogo athu ankakonza misewu ndi kuumba njerwa za sukulu amfumu akangomenya chitsulo, manje munthu kuti akambe za madzi amene amwa yekha afuna envelopu ndi Fanta. Ine ndimati mabungwe onsewa atseke chabe, ma Land Cruiser mbwee mu Chipata koma kumidzi zikwangwani zokhazokha zochita dzimbiri.

Field_Officer_wakale:
A KapataBoy mwakamba zoona theka. Ine ndinagwirako ntchito imeneyi zaka 6, Chadiza, Vubwi, mpaka ku chigwa ku Mambwe, ndiye mlandu wa allowance ndiuvomera. Timakhala ndi project ya zaka zitatu, donor afuna manambala, anthu angati aphunzitsidwa, makomiti angati apangidwa, ndiye njira yachidule kuti list idzaze ndi transport refund. Komiti timaisankhitsa tsiku limodzi pansi pa mtengo, dzuwa likutentha, driver akuliza hutala, anthu amangoloza amene amadziwa kulankhula ndi alendo. Amene amatunga madzi 5 koloko m'mawa sasankhidwa, ali kumbuyo ndi mwana kumsana. Ndiye a Mlembi yambani mwadzifunsa, mwa anthu 10 aja ndi angati amanyamula chigubu? Atatu amene akubwerabe ku miting aja ndiye komiti yanu yeniyeni, enawo anali a project.
Koma zoti onse atseke ndakana. Onani bungwe la COMACO, anayamba ndi anthu opha nyama zakutchire ku Luangwa, kuwauza kuti pereka mfuti ndi misampha, tikuphunzitse ulimi ndipo mbewu tikugula. Mpaka lero chiponde cha It's Wild chili m'mashopu. Mlimi sakhalamo chifukwa cha t-shirt, amakhalamo chifukwa nshawa yake ili ndi msika. Ndi ma SMAG, magulu a m'midzi aja operekeza azimayi apakati kuchipatala, ambiri sakulandira kanthu koma ntchito ikuyenda chifukwa mudzi umawaona phindu lake. Zimene zimafa ndi zija zimene munthu analowamo chifukwa cha envelopu.
Za mjigo, ngati ndi wa mtundu wa India Mark II ndipo chogwirira chikupepuka, kawirikawiri ndi tcheni kapena rod yaduka, apo ayi marabala a mu cylinder atha. Si vuto lofuna donor limenelo. Funsani ku khonsolo kapena kwa EHT (woona za ukhondo ndi madzi) wa pa clinic yanu akuuzeni APM wa dera lanu, aja okonza mijigo anaphunzitsidwa, abwere aone akuuzeni mtengo musanayambe kusonkhetsa. Anthu amasonkha msanga akamva kuti chofunika ndi chakuti, mtengo wake ndi wakuti, kusiyana ndi kungoti "tisonkhe za mjigo".

Wa_WDC_Chipangali:
Ndiwonjezereko mbali ya boma poti ine ndili mu Ward Development Committee (WDC), komiti ya chitukuko ya ward yathu. Ambiri kumidzi mpaka lero akaganiza chitukuko amaganiza mzungu, pamene ndalama ili pakhomo. CDF, ndalama ya boma ya chitukuko, inali K1.6 million pa constituency, mu 2022 inakwera kufika K25.7 million, 2023 K28.3 million, 2024 K30.6 million. Gawo lalikulu ndi la ma project a m'midzi, makalasi, madesiki, ma clinic, madzi, kwinako ma bursary ndi ma grant ndi ngongole za magulu a azimayi ndi achinyamata. Koma ndalamayi siyenda yokha kufunafuna mudzi umene uli ndi ludzu, imatsata pepala. Mumakhala pansi ngati mudzi, kulemba maminitsi, anthu kusaina, amfumu kusaina, kudzaza fomu, kupereka kwa woimira zone yanu mu WDC, ife timasanja zofunika kwambiri nkutumiza ku komiti ya CDF ya constituency. Midzi imene imapeza zinthu nthawi zambiri ndi ija ili ndi mlembi wovuta, wosatopa kufunsa kuti fomu yathu ili pati.
Koma ndikuuzeni chilungamo, za marabala ndi tcheni musabwere nazo ku CDF, zimatenga miyezi, ndipo pa miting timafunsana kuti awa mjigo woyamba anausamala bwanji. Konzani nokha wakufawo, musunge malisiti, ndiye mukadzapempha wachiwiri kapena wa solar ndi thanki mudzakhala ndi poyambira. Ifenso mu WDC ndife odzipereka chabe, malipiro kulibe, ine njinga yanga ndimagula ndekha matayala, ndiye wina akamati tikudya ndalama za CDF mtima umawawa.

KapataBoy:
Nanga fomu ikafika kumeneko sayamba aona kuti mudzi unavotera ndani? Tisanamizane apa.

Wa_WDC_Chipangali:
Zokondera sindinganene kuti kulibe, anthu ndi anthu. Koma fomu imene sinalembedwe ndiye sikanidwa nkomwe, imangokhala kulibe. Mukapereka sungani photocopy ndi tsiku, ikasowa mukafunse kwa akhansala pamaso pa anthu, kapena imbani pa wailesi ya Breeze FM pa mapulogalamu oimba foni aja, mudzaona mmene amayankhira msanga.

Amake_Tiyanjane:
Ndinaiwala chimodzi mwana wanga. Usaitane miting iwe, ndiwe mwana, akuluakulu sangabwere pa mawu ako. Pita kwa amfumu a mudzi ndi azimayi awiri otunga madzi, iwo ndiwo aitane. Ndipo nkhani ya amsungichuma musaiyambire pagulu, mukawachititsa manyazi abale awo onse sadzasonkhanso. Amfumu akambe nawo kumbali, amene anabwereka alembedwe maina, abweze pokolola.

Mlembi_Kasenengwa:
Zikomo kwambiri amayi ndi nonse. A Field Officer mwandilasa, mwa anthu 10 aja azimayi ndi atatu ndipo ndi omwewo akubwera ku miting, ine mwini chigubu sindinyamula, amatunga ndi mlongo wanga. Dzulo ndinapita ku clinic, a EHT andipatsa nambala ya APM, akuti abwera Lachisanu koma timulipire ya mafuta a njinga yamoto, atatu aja asonkha kale. Kwa amfumu tipita Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Amake Tiyanjane, bokosi la maloko atatu lija munawotcheretsa kwa a welding kapena amagulitsa lopanga kale? Ndipo makiyi mmodzi akataya mumatani?