Njanji ikadzabwera kumpoto idzere kuti? Gulu la ana a Nkhotakota okhala ku Mzuzu

Tcheya: Abale ndi alongo mwaswera bwanji. Nkhani ya njanji yakumpoto imamveka kenako zii, koma ine ndikuti tisadikire kuti boma likadzatumiza anthu ofufuza njira ndi kumva maganizo a anthu ife tidzayambe kuthamangathamanga, kalata yathu ikhale yolembalemba. Njira zomwe anthu amakamba ndi ziwiri, ya kunyanja kuchokera pa Salima kudutsa kwathu mpaka Nkhata Bay, kapena ya kumtunda kuchokera ku Lilongwe kudzera Kasungu ndi Mzimba. Tiyankhule momasuka.

Mayi a Tadala: Atcheya apa mpokambirananso? Idutse kwathu basi. Njanji ili kale pa Salima ndi pa Chipoka, ndikungolumikiza. Shuga wa pa Dwangwa amayenda pa mathiraki mu M5 msewu wopapatiza uja, mpunga wathu mavenda amagula motibera chifukwa thiransipoti ndiyodula, ine ndikamatenga matumba a mpunga kubwera nawo kuno phindu lonse limathera pa galimoto

Achimwene a ku Luwinga: Mayi ndakumvani koma ine ndayendetsa lole mumsewu umenewu zaka zambiri, ndinene zoona. Pa Nkhata Bay nyanja ili mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere pomwe Mzuzu ali cha m'ma 1,250, ndipo mtunda wake sukwana makilomita 50. Lole yodzaza imakwera pamenepo ili pa giya yoyamba injini ikulira momvetsa chisoni, ndiye sitima yokoka mabogi ambirimbiri singathe chitunda chotere popanda kuzungulira kutali kapena kuboola mapiri. Tikakakamira ya kunyanja tidziwiretu kuti mwina Mzuzu weniweniyu idzamulambalala. Kuwonjezera apo mitsinje, Bua, Dwangwa, Dwambazi, Luweya, uliwonse ukufuna mlatho wolimba, kumbukirani za ku Chiromo madzi atakokolola njanji mu 1997 anthu a ku Nsanje anakhala zaka ndi zaka osaona sitima

Mayi a Tadala: Nanga kumtundako kulibe mapiri? Chikangawa yense uja ndi chigwa?

Achimwene a ku Luwinga: Aliko mayi, Viphya si masewera, ndipo kaya tadzera uku kaya uku kutsogolo kuli Chiweta akudikira

Aphunzitsi: Mundilole ndiponyepo. Ofufuza aboma sadzafunsa kuti kwanu nkuti, adzafunsa kuti sitimayo idzanyamula chani chobweza ndalama. Phindu lalikulu la njanji yakumpoto ndikukalumikizana ndi njanji ya TAZARA cha ku Mbeya ku Tanzania, ija inamangidwa ndi China m'zaka za m'ma 1970, makilomita 1,860 kuchokera Dar es Salaam mpaka Kapiri Mposhi, ndipo mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi chimodzimodzi ndi yathu, mamilimita 1,067. Mafuta ambiri amalowera pa Songwe pa matankala. Ndiye m'kalatamo tilembe katundu weniweni, shuga wa Dwangwa, labala wa ku Vizara, tiyi wa ku Kawalazi, mpunga wa Kilombero ku Karonga, malasha a ku Mchenga. A kumtunda nawo adzatchula fodya wa Kasungu ndi matabwa a Chikangawa, tisawaderere.

Agogo a ku Zolozolo: Ana anga nonse mukukamba za shuga ndi mafuta, palibe watchula munda. Kwathu kumene mukufuna idutseko malo ndi ochepa, uku nyanja uku nkhalango ya nyama uku minda ya nzimbe, anthu anapanikizika kale. Njanji ikadula dimba la mpunga pakati mwini wake adzadya chani? Manda a makolo athu nanga? Ine ndikufuna zilembedwe kuti ofufuzawo akakhale pansi ndi mafumu ndi anthu m'midzi momwemo, osati ku hotela ku boma ayi, ndipo chipukuta misozi chiperekedwe khasu lisanagwe pansi. Chinanso siteshoni. Sitima yomangodutsa usiku ndi katundu wa eni osayima pa Nkhotakota kapena pa Dwangwa ine sindikuyifuna, ingatiphere mbuzi ndi ana chabe.

Mayi a Tadala: Agogo apo mwalasa, siteshoni ndi bogi ya anthu zikhalemo. Koma pa njira sindikusuntha, ya kunyanja

Achimwene a ku Luwinga: Ine ndisayina ngati tilembamo kuti mainjiniya ayeze njira zonse ziwiri ndipo lipoti lake lituluke poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka ndi m'Chitonga momwe, aliyense aziwerengera yekha

Mlembi: Ndalemba zonse. Aphunzitsi mutithandize ndime ya katundu, agogo ndidzabwera kunyumba Lachisanu madzulo mudzandiuze bwinobwino za minda ndi manda. Za njira sitinamvane ndiye tidzavota Lamlungu tikaweruka ku mapemphero, malo omwe aja a ku Katoto, amene simunapereke ya mwezi uno mubwere nayo.