Mapadi a mabuleki a performance, ndigule ati?

Wamaulendo82:

Akuluakulu ndithandizeni nzeru pa nkhani ya mapadi a mabuleki. Galimoto yanga ndi sedan ya automatic, injini 2.5, ndimapitira kuntchito tsiku lililonse koma kawiri kapena katatu pamwezi ndimakhala ndi ulendo wautali wodutsa msewu wa m'mapiri, wokhotakhota, mtsetse wake ndi wautali kwabasi. Sabata yatha ndikutsika ndili ndi banja lonse ndi katundu wodzadza kubuti, titafika chapakati ndinayamba kumva kafungo kopserera, kenako ndikuponda buleki galimoto ikungopitabe ngati sindinaponde, ndinachita kuimirira pa pedulo kuti ndikhote kona ina yake, mtima uli m'mwamba poti ana anali kumbuyo. Ndinaima pambali, tayala lakutsogolo likufuka kautsi, rimu yosagwirika kutentha. Titadikira mwina mphindi 30 mabuleki anabwerera mwakale koma ine mantha sanandichoke mpaka lero.

Mapadi amene alipo ndi aja opanda dzina lodziwika, ndinangoikitsa chaka chatha posadziwa. Pano ndikufuna a performance koma ndikawerenga mutu ukungozungulira, ena akuti ceramic ena semi-metallic, mayina nawo ndi ambirimbiri, EBC, Hawk, Ferodo, Akebono. Mnzanga wina akuti ndingogula a mpikisano basi poti ndi amene ali ndi mphamvu kuposa onse. Zoona zimenezo? Nanga ndisinthe akutsogolo okha kapena onse? Madisiki nawo bwanji?

Spana17:

Achimwene pepani ndi zimene munakumana nazozo, munachita bwino kuima. Musanagule chilichonse ndiyankheni funso limodzi, nthawi imene galimoto imakana kuimayo pedulo inali yolimba kapena inali wofuwofu kumalowa pansi? Ndikufunsa chifukwa awa ndi matenda awiri osiyana ndipo ndaona anthu ambiri akugula mankhwala a matenda amene alibe.

Pedulo ikakhala yolimba koma galimoto osaima ndiye kuti mapadi ndi amene apsa. Mkati mwa padi muli utomoni umene umamata zinthu zonse pamodzi, ukatentha kupyola muyezo wake umayamba kupserera, padi imangoterera pa disiki osaluma, fungo munamva lija ndi limenelo. Koma pedulo ikamalowa pansi ngati mwaponda siponji ndiye kuti brake fluid, mafuta a mabuleki aja, wawira, mwalowa timathovu ta nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika pomwe fluid safinyika. Zikatere ngakhale muike padi yabwino bwanji palibe chisinthe. Fluid amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, wa mtundu wa DOT 4 akakhala watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 Celsius koma akamwa madzi muyezo wake umatsika kufika pa 155, DOT 3 ndi 205 kutsika mpaka 140. Taonani kusiyanako. Nchifukwa chake timati zaka ziwiri zikakwana musinthe, ngakhale akuoneka bwino m'kabotolo muja.

Za mitundu ya mapadi, mwachidule. Organic ndi ofewa, sachita phokoso, sadya disiki, koma kutentha sapirira, ndipo ndikuganiza kuti anu ali m'gulu limeneli. Semi-metallic ali ndi zitsulo zambiri mkati, amaluma bwino ndipo akatentha sagonja msanga, kuipa kwake fumbi lakuda pa marimu, nthawi zina kulira, komanso amadya disiki mofulumirirapo. Ceramic ndi aukhondo ndi achete, fumbi lake ndi lochepa komanso lotuwa losaonekera, amakhalitsa, koma ceramic wamba anapangidwira kuyenda mofatsa osati kutsika phiri galimoto italemedwa. Mawu akuti ceramic pa bokosi asakukopeni kuganiza kuti ndi amphamvu, anthu amasokoneza ndi madisiki a carbon ceramic a magalimoto othamanga kwambiri aja, zimenezo ndi zina.

TrackDay_Man:

Bwana Wamaulendo, malangizo a mnzanuyo musawatsatire chonde, ndikunena ngati munthu amene ndimapita ku track, bwalo lothamangitsira magalimoto, ndipo ndinayesapo kuyenda mumsewu ndi mapadi a mpikisano. Padi ya mpikisano ngati Hawk DTC-60 kapena Ferodo DS3000 inapangidwa kuti izigwira ntchito itatentha kwambiri, ndipo eni ake amanena okha kuti si ya mumsewu. M'mawa kukuzizira mukutuluka pageti, mwana wadutsa kutsogolo, padi imeneyo sinafike pa kutentha kwake ndiye siluma mmene mukuyembekezera. Kuwonjezera apo ikakhala yozizira imapala disiki ngati tupa, imalira ngati basi yakale pa roboti iliyonse, fumbi lake likanyowa limamatirira pa rimu mpaka kuwononga penti. Ine ndinapirira milungu itatu yokha nkuchotsa, pano ndimaika pa tsiku la track lokha nkubwezeretsa a mumsewu madzulo ake.

Chimene mukufuna inu ndi gulu lapakati, amati fast road kapena street performance. Mmenemo muli Hawk HPS, EBC Yellowstuff, Ferodo DS2500, ndipo Brembo, Pagid ndi Project Mu nawo ali ndi awo. DS2500 yapendekera kwambiri ku track, imatha zonse ziwiri koma kafumbi ndi kaphokoso muyembekezere. HPS ndi yofatsirapo. EBC amasiyanitsa ndi mitundu, Greenstuff ndi ya magalimoto opepuka, Redstuff ndi ya fumbi lochepa pa magalimoto olemerapo, Yellowstuff ndi yopirira kutentha kuposa ziwirizo. Ndikanakhala inu ndi ulendo wa m'phiriwo ndikanayang'ana pakati pa HPS ndi Yellowstuff.

China chimene ambiri sadziwa, yang'anani kumbuyo kapena m'mbali mwa padi, ambiri amakhala ndi zilembo ziwiri kumapeto kwa nambala, monga EE, FF, FE kapena GG. Chilembo choyamba chikunena mmene imalumira isanatenthe kwambiri, chachiwiri mmene imalumira itatentha. Pa muyezo wa mmene padi imalumira, E ndi 0.25 mpaka 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55. Ndiye mukaona FE dziwani kuti imeneyo ikatentha mphamvu imatsika, pomwe FF kapena GG imagwirabe chimodzimodzi. Si muyezo wonena zonse ayi chifukwa mpata wa chilembo chimodzi ndi waukulu, koma umathandiza kusefa. Palinso chizindikiro cha ECE R90, lamulo la ku Ulaya limene limati padi yolowa m'malo isasiyane ndi yoyambirira ya fakitale kupyola 15 peresenti. Ngati kumene mumakhala lamuloli limagwira ntchito onetsetsani kuti bokosi lili ndi R90, chifukwa mapadi ena a performance alibe.

Koma ndikuuzeni zoona kuti musadzakhumudwe. Padi ya performance siifupikitsa kwenikweni mtunda woimira pa buleki imodzi yadzidzidzi. Ngati mapadi anu atha kuyambitsa ABS, chipangizo choletsa matayala kusiya kuzungulira mukaponda buleki mwamphamvu, pedulo nkumanjenjemera, ndiye kuti mphamvu ilipo kale yokwanira, chotsala ndi tayala kugwira msewu. Chimene mukugula ndi chakuti buleki yachikhumi igwire ngati yoyamba. Matayala akakhala osila kapena akale owuma, yambani ndi amenewo.

MayiAwiri:

Ine sindine makaniko koma msewu ngati umenewo ndimauyenda kawirikawiri ndi galimoto yolemera kuposa yanuyo, ndiye ndifunseko, potsikapo giya inali pa D basi? Chifukwa ngati inali pa D phazi lili pa buleki njira yonse, ngakhale mapadi abwino adzapsa ndithu. Ine bambo anga anandiphunzitsa ndikuyamba kumene kuyendetsa kuti giya imene wakwerera phiri ndi imene utsikire. Pa automatic ikani pa 3 kapena 2, kapena pa manual mode ngati ilipo, injini ilire pang'ono palibe vuto, ndiyo ikugwira galimoto. Buleki muziponda mwamphamvu kwakanthawi liwiro litsike kenako nkusiyiratu kuti mphepo iziziritse, osati kungoigusa pang'onopang'ono osalekeza.

Za mapadi, ndinaikapo Akebono a ceramic chifukwa ndinatopa ndi kutsuka marimu, ndipo m'tauni ndi abwino zedi, chete, marimu oyera sabata yonse. M'phiri sanandivutepo koma ndi chifukwa cha giya ija, sindiwapatsa ntchito yambiri. Inu poti mumanyamula banja ndi katundu ndipo mwawapsereza kale kamodzi, ndingagwirizane ndi a TrackDay kuti fumbi mulipirire, tengani opirira kutentha.

Wamaulendo82:

Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri. A Spana17, pedulo inali yolimba gwa, sinalowe pansi, ndiye malinga ndi mmene mwafotokozera ndi mapadi. Koma fluid naye sindinasinthepo chigulire galimotoyi, zaka zinayi tsopano. Mayi mwalasa, inali pa D kuyambira pamwamba mpaka pamene ndinaimapo, palibe anandiuzapo za giya pa automatic. Lero ndachotsa tayala ndaunika ndi tochi, zilembo zake ndi FE, pamwamba pa padi pakunyezimira ngati galasi ndipo disiki ili ndi timadontho tabuluu. Ndiye nditani ndi madisikiwa, ndipo akumbuyo ndiwasiye?

Spana17:

Kunyezimira kumeneko ndiye kupsa kuja achimwene, padi imeneyo yatha ntchito ngakhale nyama ikadalipo yambiri. Fluid wa zaka zinayi musinthe tsiku lomwelo, munangochita mwayi kuti mapadi anayamba kugonja iye asanawire. DOT 4 wabwino akukwanirani, kapena DOT 5.1 amene muyezo wake ndi madigiri 260. Chenjerani ndi DOT 5 wopanda .1, ameneyo ndi wa silicone, sasakanizidwa ndi enawa ndipo sagwirizana ndi ABS. Komanso dziwani kuti padi yopirira kutentha imalola mabuleki kufika pa moto waukulu kuposa kale, moto umenewo umakafika ku caliper, chofinyira mapadi pa disiki chimene mumakhala fluid, ndiye padi yabwino ndi fluid wakale ndi kungosamutsa vuto.

Madisiki muyezetse ndi micrometer, kachipangizo koyezera kukhuthala kwake, diso limanama. Pa disiki iliyonse analembapo MIN TH, kutanthauza malire a kupyapyala kwake, ndi nambala ya mamilimita, m'mphepete kapena pakati paja, ikafika pamenepo kapena kuyandikira tayani. Disiki yopyapyala ilibe chitsulo chokwanira kusunga kutentha ndiye imapsereza mapadi msanga. Ngati ili ndi ming'alu, mizere yakuya yokola chikhadabo, kapena chiwongolero chimanjenjemera mukaponda buleki, sinthani onse awiri akutsogolo limodzi, osati mbali imodzi. Ndi mabala abuluuwo ine ndikanangosintha, padi yatsopano imakhazikika bwino pa disiki yatsopano. Madisiki obowola aja musavutike nawo, amakonda kung'aluka pa mabowo akatentha, disiki wamba yabwino ndi yokwanira.

Akumbuyo. Kutsogolo ndi kumene kumagwira ntchito yaikulu chifukwa mukaponda buleki kulemera kumathamangira kutsogolo, ndiye kuyamba ndi kutsogolo si kulakwa. Chimene sindifuna ndi kuika oluma kwambiri kumbuyo kutsogolo kuli ofooka, galimoto imatha kutaya matako pa kona. Ngati akumbuyo ndi opanda dzina omwewo, kapena atsala mamilimita 3, sinthani nawonso, a mtundu womwewo kapena ofanana ndi a fakitale, poti mukalemedza kubuti nawo amagwira ntchito yochulukirapo.

Poika, auzeni amakaniko atulutse mapini a caliper awapukute ndi kupaka girisi wa mabuleki, osati girisi wamba amene amafufumitsa marabala. Pini imodzi ikagwira padi imakhala ikukhuza disiki ulendo wonse, mumafika pamwamba pa phiri mabuleki atatentha kale. Ndaonapo galimoto padi yamkati itatha mpaka chitsulo yakunja ikadali yatsopano, vuto pini imodzi yadzimbiri. Akamaliza pompani pedulo mpaka ilimbe musanasunthe galimoto, poti mapisitoni amakhala atabwezedwa mkati ndipo kuponda koyamba kumapita pansi.

Kenako bedding, kukhazikitsa mapadi atsopano pa disiki, iyi musadumphe. Werengani kapepala ka m'bokosi chifukwa kampani iliyonse ili ndi njira yake, EBC mwachitsanzo amapaka kanthu kokhakhala pamwamba pa padi koyeretsera disiki ndipo amafuna muyambe mwayenda mofatsa kaye. Koma njira yodziwika ndi iyi, pezani msewu wowongoka wopanda anthu ndi magalimoto, fikani pa liwiro la makilomita 90 kapena 100 pa ola ngati malamulo a msewuwo akulola, pondani mwamphamvu koma ABS isayambe, tsikani mpaka 15 osaima, thamangitsaninso, kasanu ndi katatu kapena kakhumi motsatizana. Kafungo kadzamveka, nkoyenera. Mukatero yendani mphindi 10 osagwiritsa buleki kwambiri kuti zizizire. Cholinga ndi chakuti padi isiye kansalu kopyapyala kofanana pa disiki yonse. Mukaima chiimire phazi lili pa buleki disiki ili moto, padi imadinda pamalo amodzi, ndipo pakapita milungu ingapo mudzayamba kumva kunjenjemera nkumati disiki yapindika pomwe ndi chidindo chija.

Pogula perekani chassis number kuti akupatseni saizi yeniyeni, galimoto imodzimodzi imatha kukhala ndi ma caliper osiyana malinga ndi chaka ndi injini. Ndipo gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, mayina otchukawa ali ndi achinyengo ambiri, bokosi lokongola mkati muli padi yonga imene mukuchotsayo.

Wamaulendo82:

Ndamva madala. Ndaitanitsa madisiki awiri akutsogolo, mapadi a fast road kutsogolo, akumbuyo ofanana ndi a fakitale, ndi DOT 4 lita imodzi. Matayala ndayang'ana deti yake, akutsogolo ndi a chaka chatha koma akumbuyo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndiye nawo ali pamzere. Ulendo wina uli kumapeto kwa mwezi, ndidzatsika pa giya 2 ngati mmene anenera mayi aja ndipo ndidzabwera kudzakuuzani mmene pedulo ikumvekera pofika pansi.